PHUNZIRO LA MWEZI UNO: NYALI YA GASI WOCHOKERA KU NDOWE

Kuwerenga: Mateyu 25:1-13

Amayi anzanga, m'fanizo la anamwali khumi onse anali ndi nyali, ndipo onse anagona tulo. Chimene chinawasiyanitsa n'chakuti asanu anaganiziratu za mafuta kusanade. Fanizoli likutiphunzitsa kukhala okonzeka pa kubwera kwa Ambuye, komanso likutikumbutsa kuti kuwala kwa m'nyumba sikubwera kokha. Mwezi uno tiphunzira za nyali imene mafuta ake sagulidwa kusitolo, koma amachokera m'khola.

Vuto la koloboyi

Koloboyi n'chotsika mtengo pogula, koma chimalipiritsa pambuyo. Mwana akawerengera pa koloboyi, taonani m'mphuno mwake m'mawa: mumakhala bii ndi mwaye. Mwaye womwewo umatsikira m'mapapo ndipo umakulitsa chifuwa ndi mphumu. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino ndinalandira ana ambiri opsa ndi moto wa nyali yogubuduzika, ndi ena amene anamwa palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa palafini musamusanzitse, chifukwa posanza palafiniyo amalowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala.

Nyali ya gasi si yachilendo

William Murdoch anaunikira nyumba yake ku Redruth, m'dziko la England, ndi gasi wochokera ku malasha m'chaka cha 1792. Mu 1807 msewu wa Pall Mall ku London unayamba kuwala ndi nyali za gasi. Mu 1885 Carl Auer von Welsbach wa ku Austria anatulukira kansalu kotchedwa mantle, kamene achikulirefe timakadziwa pa nyali ya Tilley. Kansaluka kakatenthedwa kamawala mbee, ndipo ndi kamene kanachititsa kuti gasi wochepa apereke kuwala kochuluka. Pambuyo pake mabanja mamiliyoni ku India ndi ku China anamanga nkhuti zopangira gasi ku ndowe. Gasi ameneyu ndiye amatchedwa biogas.

Amapangidwa bwanji?

Amisiri amamanga nkhuti ya njerwa ndi simenti pansi, yotsekedwa bwino kuti mphepo isalowe. Tsiku lililonse mumasakaniza ndowe zaziwisi ndi madzi, ndowa imodzi ya ndowe ndi ndowa imodzi ya madzi, n'kuthira m'nkhutimo. Tizilombo tosaoneka ndi maso timawoletsa ndowezo, ndipo pakuwola kumatuluka mpweya woyaka wotchedwa methane. Mpweyawu umasonkhana pamwamba pa nkhuti n'kuyenda m'paipi kufika ku nyali kapena ku mbaula. Poyamba pamapita milungu ingapo gasi asanayambe kuyaka bwino. Zotsalira zimatuluka mbali ina, ndipo ndi manyowa abwino a chimanga ndi ndiwo za kudimba.

Tiwerengere mtengo

Makilogalamu 25 a ndowe za ng'ombe amapereka gasi wokwana pafupifupi malita 1,000. Nyali imodzi imadya malita pakati pa 100 ndi 150 pa ola, ndiye kuti ndowe zimenezi zikhoza kuunikira nyumba maola 6 kapena kuposerapo. Gasi yemweyo pa mbaula amaphika maola 2 kapena 3. Banja lokhala ndi ng'ombe za mkaka 2 kapena 3 zodyera m'khola, monga amachitira alimi ambiri a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, lili ndi ndowe zokwanira. Ng'ombe zoyenda kubusa zimataya ndowe zambiri kutchire, choncho zimafunika zochulukirapo. Ndowe za nkhumba nazonso zimagwira ntchito.

Chodula ndi kumanga. Njerwa, simenti, mapaipi ndi mmisiri wodziwa ntchitoyi zimafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, ndipo nkhuti yomangidwa mwachinyengo imadontha gasi n'kusanduka dzenje lachabe. Pafunikanso madzi pafupi ndi munthu wothira ndowe tsiku ndi tsiku osajomba. Masiku ano tinyali ta sola tatsika mtengo, ndipo kwa banja lopanda ziweto kanyali ka sola ndiko kanzeru. Amene ali ndi khola angachite bwino kuphikira gasi, potero apulumutse nkhuni ndi makala, ndi kuyatsa nyali ya gasi pamene pafunika kuwala kwakukulu: pa golosale, pa malo odyera, m'chipinda chowerengera ana a sukulu, kapena masiku a chiperoni pamene sola yafooka. Mutu umodzi susenza denga. Zimene banja limodzi silingathe, gulu la amayi la banki mkhonde kapena parishi yokhala ndi khola ikhoza kuzikwanitsa.

Malamulo osunga moyo

1. Nyali ya gasi imatentha kwambiri. Ipachikeni kutali ndi denga la udzu, makatani ndi masikito, pamene ana sangafike.
2. Tsegulani zenera pang'ono nyali ikamayaka, ndipo muzimitse musanagone. Mutu ukayamba kuwawa kapena mukamva chizungulire, zimitsani ndi kutuluka panja.
3. Mukamva fungo ngati la dzira lowola, gasi akutuluka penapake. Musayatse machesi. Tsekani gasi, tsegulani zitseko, kenaka pakani madzi a sopo molumikizira mapaipi. Pamene pakuchita thovu ndi pomwe pabooka.
4. Munthu asalowe m'nkhuti ngakhale ioneke yopanda kanthu. Mpweya wa m'menemo umapha msanga.
5. Musathire m'nkhuti madzi a sopo kapena a mankhwala osambitsira ng'ombe, chifukwa amapha tizilombo topanga gasi. Sambani m'manja ndi sopo mukamaliza kusakaniza ndowe.
6. Wina akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pa balalo kwa mphindi 20. Musapakepo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano.

Mafunso okambirana

1. Kodi banja lanu limawononga ndalama zingati pa mwezi pogula palafini, makandulo ndi mabatire?
2. Ndani m'mudzi mwathu amene amagona mumdima, makamaka okalamba ndi ana amasiye? Tingawathandize bwanji?
3. Kodi m'parishi mwathu muli khola lokhala ndi ndowe zokwanira komanso madzi pafupi?

Zochita mwezi uno

Mayi aliyense alembe ndalama zimene wagwiritsa ntchito pounikira nyumba, abwere nazo ku msonkhano wotsatira. Palafini yense achotsedwe m'mabotolo a zakumwa lero lomwe. Nthambi imene ili ndi chidwi itume amayi awiri kwa mlangizi wa zaulimi kukafunsa kumene angakaone nkhuti yogwira ntchito asanasonkhe ndalama.

Pemphero

Mulungu Atate, amene munalenga kuwala, tipatseni nzeru zosamalira nyumba zathu. Tetezani ana athu ku moto ndi utsi, ndipo mutipeze tili okonzeka pamene Mwana wanu adzabwera. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.