Kacirombo Kobvala Thupi la Ciswe

Buku la Genesis, mutu 2, linena kuti Mulungu anadza nazo zamoyo kwa Adamu kuti azipatse maina. Nchito imeneyo siinathe kufikira lero. Caka ndi caka anthu ophunzira apeza zolengedwa zimene sizinalembedwe m'buku liri lonse, nazicha maina awiri a Cilatini, monga mwa mwambo umene anaukhazika Carl Linnaeus, mwana wa mbusa wa ku Sweden, m'caka ca 1758.

Pakati pa zikumbu pali pfuko lalikulu lochedwa Staphylinidae, la mitundu yoposa 60,000. Tizirombo ta pfuko ili tizindikirika ndi thupi lalitali ndi zobisira mapiko zazifupi, kotero kuti mimba ikhala poyera. Tambiri tikhala pansi pa masamba obvunda ndi m'ndowe, koma tina tikhala m'nyumba za nyerere ndi za ciswe.

M'caka ca 2023 anthu awiri ophunzira a ku Brazil, Bruno Zilberman ndi Carlos Pires-Silva, analongosola mtundu watsopano wa pfuko limeneli, wopezeka pakati pa ciswe ku Northern Territory, dziko lotentha la kumpoto kwa Australia. Anaucha Austrospirachtha carrijoi. Kacirombo aka kali ndi mimba yotupa imene ipindikira pamwamba pa msana wace, niphimba thupi lonse. Mimbayo ifanana ndithu ndi ciswe: iri ndi zigawo ngati za ciswe, ndiponso timinofu 6 tolendewera, tooneka ngati miyendo ndi tinyanga. Woyang'ana pamwamba aona ciswe, koma mwini wace wabisala kunsi.

Cinyengo cotere cipindulanji? Ciswe cogwira nchito ciribe maso. Cizindikira abale ace mwa kukhudza ndi mwa pfungo, ndipo cidyetsana pakamwa ndi pakamwa. Popeza kamwa la kacirombo aka ndi laling'ono kopambana, ophunzirawo ayesa kuti sikasaka cakudya, koma kangopempha kwa ciswe. Motero kadya za m'nyumba imene sikanamange.

Anthu a kwathu acidziwa bwino culu, pakuti ndiko kucokera inswa nyengo ya mvula. Adziwanso kuti culu cikhala colimba cifukwa ciswe conse cisenza dothi pamodzi. Mpingo nawonso ulimba motero, ndipo ngozi yace iri yomweyo. Pa Mateyu 7:15-20 Ambuye Yesu anacenjeza za aneneri onama amene abisa mtima wolusa m'maonekedwe ofatsa, naphunzitsa kuti munthu adziwika ndi zipatso zace. Alipo ena amene afika pamudzi ndi Baibulo m'manja, odziwa nyimbo ndi mapemphero, nalonjeza macilitso ndi cuma kwa iye amene apereka mbuzi, nkhuku kapena ndalama. Akacoka, nkhokwe ya mkazi wamasiye yatsala yopanda kanthu, ndipo wodwala wacedwa kupita ku cipatala.

Ici sicitanthauza kuti mpingo utseke khomo, pakuti kucereza alendo ndi lamulo la Mulungu, ndipo waumphawi adyetsedwe kosafunsa mafunso. Koma munthu wofuna kuphunzitsa kapena kusonkhetsa zopereka ayenera kuyesedwa. Akulu a mpingo afunse kumene acokera, amene anamtuma, ndi kumene zoperekazo zipita. Ciswe cinyengedwa popeza ciribe maso. Mkristu anapatsidwa maso, nzeru ndi Malembo.

Komanso munthu ali yense adziyese yekha. Nkotheka kubvala dzina la Cikristu zaka zambiri, kudya zabwino za mpingo, koma osasenzako ngakhale dothi pang'ono.

Mafunso:
1. Kodi kacirombo aka kanyenga ciswe motani?
2. Kodi mpingo usiyanitsa bwanji mlendo wosowa ndi mphunzitsi wonama?
3. Ndi zipatso zotani zimene zionetsa Mkristu weniweni pamudzi?

Awerengenso 1 Yohane 4:1-6 ndi 2 Atesalonika 3:6-13.