Bilu ya Magetsi Isamize Sikimu Yanu ya Madzi: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku kano ndi ka inu amene mumayendetsa masikimu ang'onoang'ono a madzi akumwa: makomiti a mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi (WUA), oyang'anira madzi pa ma mishoni, m'masukulu ndi m'zipatala, komanso anyamata ndi atsikana otsegula pampu m'bandakucha. Uthenga wake ndi umodzi: bilu ya magetsi imatsika pamene komiti yayamba kuyeza, kulemba ndi kukonzekera.

Kodi madzi amadyeranji magetsi ambiri chonchi?

Chifukwa madzi ndi olemera. Mayi aliyense amene wasenzapo ndowa ya malita 20 pa chitunda akudziwa zimenezi: pamutu pake pamakhala makilogalamu 20. Pampu imagwira ntchito yomweyo, kungoti malipiro ake ndi mayunitsi. Mtunda ukakula, bilu imakulanso. Blantyre Water Board imatunga madzi mu Shire pa Walker's Ferry n'kuwakweza pafupifupi mamita 800 kuti afike mumzinda, ndipo magetsi ndi gawo lalikulu la ndalama zimene bungweli limalipira. Kumbali ina, masikimu a madzi oyenda okha kuchokera m'mapiri, amene anayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, safuna pampu n'komwe. Sikimu yanu ili penapake pakati pa ziwirizi.

Mtengo wa magetsi sitiuika ndife. Nanga tingachitepo chiyani?

Zoona, mtengo wa yunitsi amapempha ndi a ESCOM, ovomereza ndi a MERA. Koma kuchuluka kwa mayunitsi amene mugwiritse kuli m'manja mwanu. Komiti ikangoti "magetsi adula" n'kukweza mtengo wa ndowa, amayi amabwerera ku zitsime zosatetezeka, ndalama zolowa zimachepa, ndipo kolera imapeza khomo. Choncho musanakhudze mtengo wa pa kiyosiki, yambani mwaona kumene mayunitsi anu akuthera.

Tiyambire pati?

Pa kope ndi cholembera. Tsiku lililonse, nthawi yofanana, woyendetsa pampu alembe zinthu zitatu: nambala ya pa mita ya magetsi, nambala ya pa mita ya madzi otuluka pa pampu, ndi maola amene pampu yayenda. Mwezi ukatha, gawani mayunitsi ndi kuchuluka kwa madzi amene mwapopa, kuti mudziwe mayunitsi amene amatha pa malita 1,000 alionse. Nambala imeneyi ili ngati sikelo ya mwana, kungoti iyi ikayamba kukwera mwezi ndi mwezi, dziwani kuti penapake padwala. Ngati mulibe mita ya madzi pa pampu, imeneyo ndiyo ikhale yoyamba kugula. Sonkhanitsaninso mabilu ndi malisiti a mayunitsi a miyezi 12 yapitayi, pamodzi ndi a dizilo.

Tingadziwe bwanji kuti pampu yathu ikuwononga magetsi?

Masamu ake ndi awa. Kukweza malita 1,000 mamita 100 kumafuna mayunitsi 0.27 kukanakhala kuti palibe mphamvu yotayika. Koma pampu iliyonse imataya ina. Tiyerekeze sikimu yopopa malita 200,000 pa tsiku, kuwakweza mamita 60. Pampu yabwino, yosandutsa magawo 60 pa 100 a magetsi kukhala ntchito, idzadya mayunitsi pafupifupi 55 pa tsiku. Pampu yotopa, yongofika magawo 40 pa 100, idzadya 82. Madzi ndi omwewo, koma kusiyana kwake ndi mayunitsi 27 pa tsiku, pafupifupi 10,000 pa chaka.

Zizindikiro zake zimaoneka ndi maso. Thanki imene inkadzaza m'maola asanu ndi limodzi tsopano ikutenga asanu ndi anayi. Mota ikutentha moti simungaigwire. Pampu ikulira ngati ikutafuna miyala. Pansi pa thanki mwadzaza mchenga, umene umadya zamkati mwa pampu pang'onopang'ono. Chizindikiro china ndi vavu yotsekedwa theka chifukwa pampu ndi yaikulu kuposa mphamvu ya chitsime: pamenepo mukulipira magetsi okankha chitseko chimene mwatseka nokha. Pampu ikafa, musathamangire yotchipa kapena yaikulu. Itanani katswiri ayeze kuya kwa madzi, kutalika kwa thanki ndi kukula kwa mapaipi, kenako mugule yolingana ndi ntchitoyo. Pa moyo wonse wa pampu, ndalama ya magetsi imaposa kutali ndalama yogulira.

Nanga kudontha kwa mapaipi kukukhudzana bwanji ndi magetsi?

Dontho lililonse lotayika munalilipirira kale pa mita. Paipi yodontha lita imodzi pa mphindi imataya malita 1,440 pa tsiku, ndowa 72 zimene palibe wamwa kapena kulipira. Madzi akatayika saoleka, ndipo mayunitsi ake sabwerera.

M'mwezi wa Okutobala, dziko litauma gwa, yendani wapansi motsatira mzere wa mapaipi. Pamene pali msipu wobiriwira pakati pa fumbi, mbuzi zitaunjikana, kumbani pomwepo. Usiku wina, anthu atagona, zimitsani pampu, lembani pamene madzi alekezera m'thanki, mudzaonenso tambala woyamba akalira. Ngati atsika kwambiri, ndiye kuti pali podontha kapena wina analumikiza paipi mwakuba. Onaninso ngati thanki simasefukira usiku. Kachipangizo koyandama kozimitsa pampu thanki ikadzaza n'kotchipa poyerekeza ndi madzi amene amayenderera mpaka kucha.

Kodi nthawi yopopera ili ndi kanthu?

Kwa makasitomala akuluakulu, ESCOM ili ndi mitengo yosiyana ya maola amene anthu ambiri akugwiritsa ntchito magetsi ndi maola abata, komanso imalipiritsa potengera mphamvu yaikulu imene mwakoka nthawi imodzi. Pitani ku ofesi ndi bilu yanu mukafunse gulu limene muli. Ngati muli m'gulu la makasitomala akuluakulu, dzazani thanki usiku, ndipo musayatse mapampu onse pakamodzi. Ngakhale mutakhala pa mita yogulira mayunitsi, kupopa modekha kwa maola ambiri kumathandiza, pakuti madzi akathamanga kawiri m'paipi, mphamvu yotayika pokhulana ndi paipiyo imachuluka pafupifupi kanayi.

Bwanji osangogula sola basi?

Sola ndi yabwino, ndipo dzuwa tili nalo. Tonse tikukumbuka kuzimazima kwa magetsi namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Masikimu odalira jenereta anaona mmene dizilo amathera, poti lita imodzi imapereka mayunitsi atatu okha kapena kuposerapo pang'ono. Komabe sola ibwere pambuyo. Mukaigula mapaipi akudontha ndiponso pampu ili yotopa, mudzagula mapanelo ambiri ongodyetsa zotayika. Konzani kaye zimenezo. Kenako onetsetsani kuti thanki ndi yokwanira kusunga madzi a usiku ndi a masiku a chiperoni, pali wopukuta fumbi pa mapanelo, pali mpanda ndi mlonda, komanso pali ndalama yosungidwa yokonzera zikaonongeka.

Dongosolo lathu lilembedwe bwanji?

Tsamba limodzi ndi lokwana. Pamwamba lembani nambala yanu ya lero ya mayunitsi pa malita 1,000, ndi imene mukufuna kufika chaka chikamatha. Pansi pake ikani ntchito m'magulu atatu: zosafuna ndalama, monga kulemba kope ndi kusintha maola opopera, zofuna ndalama pang'ono, monga kumata mapaipi ndi kugula mita, ndi zazikulu, monga pampu yatsopano kapena sola. Ntchito iliyonse ikhale ndi dzina la mwini wake ndi tsiku lomalizira. Ndalama yopulumuka pa gulu loyamba isungidwe padera kuti ilipirire lachiwiri.

Ndani ayenera kudziwa za dongosololi?

Onse omwa madziwo. Pa msonkhano wa mwezi, msungichuma akatha kuwerenga ndalama, woyendetsa pampu naye aimirire ndi kope lake, awerenge nambala ija pamaso pa amfumu ndi anthu. Mayi amene wamva kuti msipu wobiriwira kuseri kwa nyumba yake ndi ndowa 72 pa tsiku sadikira kuti komiti idutse. Amabwera yekha m'mawa kudzanena.