Matenda a Addison ndi Khansa ya M'mawere: Musasiye Mapiritsi

Pamwamba pa impso zathu pali tiziwalo tiwiri totchedwa adrenal. Timapanga timadzi ta cortisol tomwe timalimbitsa thupi pamene tadwala kapena kuvulala. Tiziwaloti tikawonongeka, munthu amadwala matenda a Addison, ndipo kuno kwathu chimodzi mwa zotiwononga ndi TB. Wodwala amatopa, amawonda, amamva chizungulire, amalakalaka mchere ndipo nkhama zimada. Amamwa mapiritsi a hydrocortisone kapena prednisolone tsiku lililonse moyo wake wonse.

Mayi wotere akapezekanso ndi khansa ya m'mawere, ngozi imakula. Opaleshoni ndi mankhwala a khansa zimachititsa kuti thupi lifune cortisol wambiri. Mayi akamasanza ndi kufooka, abale amaganiza kuti ndi mankhwala a khansa basi, nkumadikira kunyumba. Chonsecho magazi akutsika mphamvu ndipo angathe kumwalira.

Zoyenera kuchita:

1. Uzani adokotala za matenda a Addison musanayambe chithandizo cha khansa, kaya ndi ku Hospital Provincial de Tete, ku Maputo kapena ku Blantyre.
2. Musasiye mapiritsi ngakhale tsiku limodzi.
3. Funsiranitu mlingo womwe muzimwa thupi likatentha. Nthawi zambiri amawonjezera kawiri.
4. Mukasanza mapiritsi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo akakubayeni jakisoni wa hydrocortisone.
5. Pochoka ku Zóbuè kapena Calómuè, nyamulani mapiritsi owonjezera ndi khadi lanu lakuchipatala.

Abambo ndi operekeza odwala, phunziroli ndi lanunso. Sungani pepalali.