Kodi khungu la Oedipus linali temberero?

Funso: Ndine mphunzitsi kuno ku Songani, ku Domasi. Ana asukulu atamva nthano ya Oedipus anati khungu lake linali temberero la milungu. Kodi ndi zoona?

Yankho: Aphunzitsi, si zoona. Mu sewero la Sophocles, lomwe linaonetsedwa ku Athens cha m'ma 429 Yesu asanabadwe, wosaona ndi Tiresias, mlosi woyenda chotsogoleredwa ndi kamnyamata, koma ndiye akudziwa choonadi. Oedipus, wamaso ake awiri, akumunyoza, chonsecho sakudziwa kuti anapha bambo ake, Laius, n'kukwatira mayi ake, Jocasta. Vuto lake lalikulu linali kusadzidziwa. Wina anganene kuti zonse zinalembedwa kale. Inde, ulosi wa ku Delphi unatchula kupha ndi ukwatiwo, koma maso Oedipus anadziboola yekha atazindikira chibadwidwe chake, ndi zipini zagolide zomwe anazula pa chovala cha Jocasta. Iye mwini akuvomera kuti dzanja linali lake. Nkhaniyi njofunika kuimva bwino kwathu kuno, kumene mwana wosaona ena amamuyesabe wolodzedwa, pomwe matenda monga trachoma amachizika: mu 2022 bungwe la WHO linatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu. Chonde, mwana amene amafinya maso poyang'ana pa bolodi, m'tumizeni kuchipatala msanga.