Malangizo: Musanadine Batani Logulira Option

Omvera athu ku Itepela, Mandimba ndi Cuamba, tamverani za ma option a Bitcoin pafoni.

Mukagula option simunagule Bitcoin ayi. Mwagula ufulu wodzagula kapena kugulitsa pa mtengo wogwirizana, pa tsiku loikika. Zomwe mwalipirazo zili ngati chikole: mtengo ukapanda kuyenda momwe mumayembekezera, zapita zonse. Pa msika wa ma option wa Deribit nthawiyo imatha 10 koloko m'mawa kwathu kuno.

Kugulitsa option ndiye koopsa, mungataye zoposa zomwe mwalandira. Oyamba kumene, musayerekeze.

Mu 2018 Banco de Moçambique inachenjeza kuti siyang'anira Bitcoin. Wina akati mumutumizire ndalama pa M-Pesa akakuchulukitsireni, kanani. Ndalama za nandolo ndi fodya zigule feteleza, abale anga.