MANO A ANA ATHU NDI ZOLIMA ZATHU

Mcikumbi wanzeru pogula ng'ombe amayamba waiyang'ana m'kamwa, pakuti adziwa kuti ng'ombe yotha mano siingadye msipu, ndipo posacedwa idzaonda. Koma ndi angati mwa ife amene tinayang'anapo m'kamwa mwa ana athu? Mwezi uno tifuna kuphunzira za mano ndi nkhama, cifukwa zambiri zozilimbitsa zimacokera m'munda ndi m'dimba mwathu momwe.

Munthu amamera mano kawiri kokha: mano 20 a ubwana, ndi mano 32 a ukulu. Mano a ukuluwo amayamba kuumbika m'kati mwa nsagwada mwana akali kuyamwa, ndipo oyamba amatuluka iye ali ndi zaka 6. Comangira cace cacikulu ndico kashiamu, yemwe amamanganso mafupa. Kashiamu timpeza mu mkaka, m'mawere, m'masamba monga bonongwe, nkhwani ndi cisoso, koma makamaka mu usipa ndi matemba, popeza tinsomba timeneti timadya ndi minga yace yomwe. Mai wapakati ndi mai woyamwitsa asamanidwe zimenezi. Nsinjiro pang'ono ndi usipa wosinja m'phala la mwana ziposa phala la ufa woyera wokhawokha kutalitali.

Tsono nkhama. Dzino lingakhale labwino cotani, silingaime nkhama zikafooka, monga nsici siiima m'dothi lofumbutuka. Munthu akakhala mwezi umodzi kufikira itatu osadya zipatso kapena masamba aawisi, thupi limasowa vitamini C. Nkhama zimatupa, zimacita ciseyeye, ndipo mano amayamba kugwedera. Nthenda imeneyi inapha amalinyero ambiri kale pa maulendo atali a panyanja. M'caka ca 1747 dokotala wa ku Scotland, James Lind, anatenga amalinyero 12 odwala nawagawa awiriawiri, nayesa mankhwala osiyana pa gulu lililonse. Awiri amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndiwo anacira msanga, ndipo mmodzi anabwerera ku nchito atapita masiku 6.

Ife sitiri panyanja, komabe miyezi ya cilimwe imatisautsa mofananako, pamene ndiwo za masiku onse ziri mfutso ndi nyemba. Mfutso ndi wabwino ndithu, ndipo kashiamu wace sacoka, koma vitamini C wambiri amatha pofutsa ndi poyanika padzuwa. Ndico cifukwa cace timaumirira za madimba. Mabedi ocepa a mpiru ndi matimati pafupi ndi madzi akwanira banja mpaka mvula itagwa. Gwafa mmodzi wakupsa ali ndi vitamini C wokwanira munthu wamkulu tsiku lathunthu. Papaya amabala pafupifupi caka conse, ndipo malambe, amene ena amawayesa cakudya ca abusa a mbuzi, amasungika miyezi yambiri osaonongeka.

Pano tiri ndi mau kwa amai. Soda ndi cidulo zimafewetsa ndiwo msanga, inde, koma zimaononga vitamini C. Sitikuti therere lileke kuphikidwa; tidziwa kuti pamenepo palibe angatimvere. Koma mpiru, nkhwani zanthete ndi bonongwe sizifuna soda. Ziikeni m'madzi ocepa owira kale, vundikirani mphika, ziphulidwe zikali zobiriwira, ndipo msuzi wace usatayidwe.

Mdani wina wa mano amafika pamudzi tikagulitsa fodya kapena mtedza: ndiye shuga. M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya shuga wotsalira pa mano nititulutsa asidi. Asidiyo ndiye amanyenya dzino pang'onopang'ono kufikira litabooka, ndipo dzino lobooka silidzitseka lokha. Malobvu amatsuka asidiyo akapatsidwa nthawi. Cotero coipa kopambana ndico kudya zotsekemera kawirikawiri: mwana amene anyambita maswiti m'mawa, masana ndi madzulo amaononga mano koposa wina amene adya omwewo kamodzi pa nthawi ya cakudya. M'caka ca 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti shuga wothira asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya cakudya ca tsiku. Kwa munthu wamkulu ndiye ngati masupuni a tiyi 12, kuwerengera pamodzi wa m'tiyi, m'phala, m'thobwa ndi m'zakumwa za m'mabotolo. Taona ena akuthira masupuni 4 m'kapu imodzi! Khanda lisagonekedwe ndi botolo la tiyi kapena madzi a shuga kukamwa, ndipo ana atsuke mano ndi mswaci m'mawa ndi pokagona.

Citsalira cinthu cimodzi coopsa. Mwana wa zaka 2 kufikira 6 wosowa cakudya cokwanira, makamaka amene wangodwala cikuku kapena malungo, angatuluke cilonda pa nkhama cimene cimadya tsaya m'masiku owerengeka. Madokotala amacicha noma. Mukaona nkhama za mwana wotere zatupa, zikukha mwazi, ndi m'kamwa mukununkha, musadikire kuti muyambe mwatha kupalira. Mnyamuleni tsiku lomwelo kunka naye ku cipatala, pakuti nthendayi ikagwidwa poyamba imamva mankhwala.