Kuzindikira ndi kusamala aralia wa m'nyumba

Mwagula kamtengo kokongola kwa ogulitsa maluwa, mwakaika pabalaza, koma pasanathe milungu iwiri masamba angoti mbwee pansi. Musafulumire kukataya. Ngati ndi aralia, ndi khalidwe lake limenelo: akasintha malo amayoyola masamba, akazolowera n'kuphukanso. Chimene chimapha aralia ambiri ndi mwini wake amene akaona masamba akugwa amathamangira kuthirira madzi ndi kusamutsa mphika uku ndi uku.

Choyamba dziwani amene muli naye, chifukwa dzinali limagwiritsidwa ntchito pa zomera zingapo za banja la Araliaceae. Yang'anani tsamba. Likakhala long'ambikang'ambika ngati la karoti, thunthu lili lopindikapindika, ameneyo ndi Ming, amene akatswiri a zomera amati Polyscias fruticosa. Likakhala lobulungira ngati kambale, mwina loyera m'mphepete, ndi Polyscias scutellaria. Mtundu wake wotchedwa Fabian uli ndi masamba obiriwira moderapo, kunsi kwake ofiirira. Wina masamba ake ndi opyapyala ngati zala, m'mphepete mokhala ngati mano a sowo, ndipo akamaphuka amaoneka ngati mkuwa: uyu ndi Plerandra elegantissima wa ku New Caledonia. Wa masamba aakulu onyezimira ofanana ndi a nsatsi ndi Fatsia japonica wa ku Japan. Yekhayu ndiye amapirira kuzizira ndi mthunzi. Enawo ndi a kumadera otentha.

Musankhireni malo amodzi n'kumusiya pomwepo. Pafupi ndi zenera loyang'ana kum'mawa ndi pabwino, poti dzuwa la m'mawa silipweteka. Dzuwa la masana la mu Okutobala limawaula masamba, choncho ngati zenera lake limalowetsa dzuwa lamphamvu, tchingani ndi katani yopyapyala. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikabwera, musamusiye pakhonde usiku kapena pakhomo polowera mphepo. Kuzizira kukafika pansi pa madigiri 15, aralia wa kumadera otentha amayamba kuthothoka masamba.

Pa nkhani ya madzi ndiye posamala kwambiri. Musathirire poona kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba: mukamva chinyezi, dikirani. Likauma, thirirani mokwanira mpaka madzi atuluke pansi pa mphika, ndipo otsalira m'mbale yapansi muwataye. Mizu ya aralia ndi yanthete, ikakhala m'madzi imaola. Masamba achikasu ofewa, dothi lili lonyowa kwambiri ndiponso likununkha, ndi chizindikiro choti madzi achuluka. Zikatero mutulutseni mumphika, dulani mizu yakuda yofewa, mumudzale m'dothi latsopano. Nyengo yozizira samwa kwambiri, choncho chepetsani.

Mphika ukhale wobowola pansi, ndipo usakule kwambiri kuposa mizu. Sakanizani dothi lakuda, manyowa owolerana bwino ndi mchenga wa kumtsinje kuti madzi azidutsa msanga. Aralia amakula pang'onopang'ono, kotero kusintha mphika pakatha zaka 2 kapena 3 n'kokwanira. Feteleza wosungunula m'madzi, wochepa mphamvu, muzithira kamodzi pamwezi nthawi yotentha yokha.

Mpweya ukauma, monga mu Seputembala ndi Okutobala, kumabwera kangaude wofiira, yemwe uja amavutitsa alimi a tomato. Tembenuzani tsamba: mukaona timadontho ndi tiulusi topyapyala, ndi iyeyo. Palinso tizilombo toyera ngati thonje timene timabisala pamene tsamba lalumikizana ndi nthambi. Tsukani masamba ndi madzi a sopo pang'ono, kunsi komwe, mlungu uliwonse mpaka zitatha. Kuika mphika pa mbale ya timiyala yokhala ndi madzi pang'ono kumathandiza kuti pozungulira pakhale chinyezi. Dziwaninso kuti masamba a mitundu ya Polyscias amadwalitsa amphaka ndi agalu akawatafuna, ndiye mphika ukhale patali ndi ziweto komanso ana aang'ono.

Akatalika n'kutsala thunthu lokhalokha kunsi, dulani nsonga kuti aphukire m'mbali. Nsongazo musataye. Tengani yotalika masentimita 10 mpaka 15, chotsani masamba a m'munsi, zikani mumchenga wachinyezi, n'kuvindikira ndi pulasitiki woonekera pamalo ofunda opanda dzuwa lamphamvu. Mizu imatenga milungu ingapo, ndiye musamazule kuti muone. Tsamba latsopano likatuluka pansonga, wagwira ameneyo.